MABUKU A ZITHUNZI NDI ULENDO WOYAMBA WA MWANA KU LAIBULALE

 Nkhani yathu ya lero ikhudza anthu amene sangathe kudzinenera okha pa wailesi, ndiwo ana ang'ono a zaka 2 kufikira 6. Tikamba za mabuku ao, mabuku a zithunzi, makamaka aja amene analembedwa kuti aonetse mwana njira ya ku laibulale, ndiyo nyumba imene anthu amawerengeramo ndi kubwerekamo mabuku.

Wina anganene kuti, "Kodi mwana wosadziwa ngakhale lemba limodzi ali nalo ciani buku? Adikire sukulu." Funso limeneli liyenera kuyankhidwa bwino, pakuti makolo ambiri aganiza motero, ndipo sacita ici cifukwa ca kusakonda ana ao ai. Koma taganizani za mwana amene akumana ndi buku koyamba pa tsiku lace loyamba la sukulu. Tsiku lomwelo wasiyana ndi amace, wakhala pakati pa ana ambirimbiri osawadziwa, wamva mau a mphunzitsi wacilendo, mwinanso m'cinenero cimene sacimva bwino. Pamwamba pa zonsezi amuikira pamaso cinthu ca mapepala codzala ndi timizere takuda, namuuza kuti tsogolo lace lonse liri m'menemo. Kwa mwana wotere buku lifika ngati katundu wolemera. Mnzace amene wakhala akutsegula mabuku pamiyendo pa atate ace kuyambira ali wamng'ono aona cinthu comweco ngati mbale wace amene wakumana naye ku dziko la eni. Ana awiriwa angakhale ndi nzeru zofanana, koma ulendo sauyambira pamodzi. Akulu anati m'mera mpoyamba.

Buku la zithunzi ndi lotani?

Si buku liri lonse lokhala ndi zithunzi limene tilicha buku la zithunzi. Nyuzipepala iri nazo zithunzi, koma mutazicotsa nkhani itsala yathunthu. M'buku limene tikunena lero, mau ndi zithunzi zisenza mtolo umodzi, monga amuna awiri onyamula mtanda wa denga, wina kutsogolo wina kumbuyo. Mau anganene kuti Kalulu anapereka moni mwaulemu, pamene cithunzi cionetsa kuti kumbuyo wabisa nkhwangwa. Mwana aona cinyengoco msanga kupambana wamkulu amene maso ace ali pa malemba, ndipo aseka, cifukwa wadziwa kanthu kamene mau sananene. Pamenepo mwanayo wayamba kale kuwerenga, cinkana sanachule lemba.

Mabuku ambiri a mtundu umenewu ali ndi masamba 32. Ciwerengero ici cicokera ku nyumba yosindikizira: cipepala cacikulu cisindikizidwa, kenaka cipindidwa ndi kudulidwa, ndipo citulutsa masamba 8, 16 kapena 32. Kucepa kwa masamba kukakamiza mlembi kusankha mau ace monga mai asankha nyemba za mbeu. Cifukwa cace buku lotere litha kuwerengedwa lonse madzi a tiyi asanawire.

Nzeru imeneyi si ya dzulo. M'caka ca 1658, mu mzinda wa Nuremberg ku Germany, munasindikizidwa buku la mphunzitsi wina wa ku Moravia dzina lace Comenius, lochedwa Orbis Pictus, ndiko kunena dziko m'zithunzi. Linalembedwa m'Cilatini ndi m'Cijeremani. Pa cithunzi ciri conse zinthu zinapatsidwa manambala, ndipo m'munsi munali maina ace. Munali zithunzi za munda, za nyumba, za wosula zitsulo, ndiponso, inu a ku migodi mudzakondwa kumva, cithunzi ca mgodi ndi anthu otsikira pansi ndi nyali zao. Ngakhale malemba oyamba anawaphunzitsa ndi kulira kwa nyama ndi mbalame. Comenius anakhulupirira kuti mwana ayenera kuona cinthu poyamba, dzina lace libwere pambuyo.

Patapita zaka zoposa 200, wojambula wina wa ku England, Randolph Caldecott, anatulutsa timabuku tiwiri caka ndi caka pa nyengo ya Khrisimasi kuyambira 1878 kufikira 1885. Zithunzi zace zinali zamoyo, akavalo othamanga ndi agalu ouwa, ndipo zinaonjezera pa nkhani zinthu zimene mau sananene. Kuyambira 1938 bungwe la oyang'anira malaibulale ku America lipereka mendulo ya dzina lace caka ciri conse kwa wojambula buku la ana lopambana. Zindikirani kuti opereka mendulo imeneyi ndi anthu a laibulale. Iwo adziwa kuti wowerenga wa mawa alowera pa khomo la zithunzi.

Zimene mwana atola asanadziwe lemba

Coyamba, aphunzira kagwiridwe ka buku. Ife akulu tinaiwala kuti zimenezi nazonso tinacita kuphunzira: kuti buku liri ndi kumutu ndi kumiyendo, kuti liyambira pa cikuto, kuti masamba atembenuzidwa limodzi limodzi, kuti maso ayenda kucokera kumanzere kupita kumanja ndi kutsikira m'munsi.

Caciwiri, aphunzira kuti cojambulidwa ciimira cinthu ceniceni. Ng'ombe ya papepala sidya udzu, koma mwana aloza nati, "Ng'ombe!" Amene wabvomera kuti mizere ya cithunzi ingaimire ng'ombe sabvutika kubvomera pambuyo pace kuti timizere ta malemba tingaimire mau.

Cacitatu, aona kuti mau olembedwa sasintha. Dzulo anawerenga atate, lero awerenga mlongo wace, koma nkhani ituluka yomweyo. Ici ndico cifukwa cace mwana apempha buku limodzi kawirikawiri mpaka inu kutopa nalo, ndipo mukalumpha tsamba akugwirani dzanja nati, "Mwalumpha!" Musakwiye naye. Ali kuyesa ngati malemba ndi okhulupirika, ndipo ali kupeza kuti ndi okhulupirikadi.

Cacinai, atola mau atsopano. Tamverani zimene tinena kwa ana athu tsiku lonse: bwera, idya, khala pansi, leka, kagone. Mau amenewa ndi ocepa. M'buku mwana wa m'tauni akumana ndi nkhokwe, bwato, mvuu ndi mbiya, zimene mwina sanaonepo, ndipo mwana wa kumudzi akumana ndi sitima ndi cikepe ca pa mgodi. Mwana wolowa sukulu ndi thumba lodzala mau amva msanga zimene awerenga.

Cacisanu, aphunzira kudekha, ndiko kukhala pamalo amodzi ndi kutsata cinthu kuyambira pa ciyambi mpaka pa mapeto. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo sukulu yonse iyenda pa kudekha komweko.

Zimenezi zinayesedwa ndithu. Ku Khayelitsha, komboni yaikulu ya pafupi ndi Cape Town, akatswiri anaphunzitsa amai ndi alezi ena kwa masabata 8 kaonedwe ka mabuku a zithunzi pamodzi ndi makanda a miyezi 14 kufikira 16. Anawaphunzitsa kutsata cimene mwana wacita naco cidwi, kuloza, kuchula dzina la cinthu, ndi kufunsa mwana. Zotsatira zace zinasindikizidwa mu 2015. Ana aja anadziwa mau ambiri, ndipo anatha kusunga maso pa cinthu nthawi yaitali kupambana anzao amene alezi ao anali asanaphunzitsidwe. Njira imeneyi kwa ife si yacilendo. Agogo akati "Padangokhala," ana sakhala duu, ayankha "Tiri tonse." Nthano ya kwathu ndi ya anthu awiri, wokamba ndi wobvomera. Buku la zithunzi lifuna mwambo womwewo.

Khomo limene ambiri aliopa

Tsono palibe kholo limene lingagule mabuku onse amene mwana angafune, pakuti mwana wozolowera atha timabuku tambiri pa mwezi umodzi. Apa ndipo pafunika laibulale. Koma tinene zoona: kwa munthu wosazolowera, laibulale ioneka ngati khoti kapena ofesi ya boma. Pali masitepe, m'kati muli zii, kuseri kwa tebulo kuli munthu wa mapepala. Wanchito wopita pamenepo ndi nsapato za pa mgodi adzifunsa kuti, "Kodi sadzandifunsa makalata a sukulu? Kodi sadzandiseka Cingerezi canga?" Apitirira, ndipo mantha ace awasiyira ana ace ngati colowa.

Alembi ena anaona bvuto limeneli, nalemba mabuku a zithunzi amene nkhani yace ndi laibulale yeniyeniyo. Maganizo ao ndi apafupi: mwana amene walowa m'laibulale kakhumi pa masamba a buku safika ngati mlendo tsiku limene alowa ndi miyendo.

Lapafupi mwa onse ndi buku la Anna McQuinn la mu 2006, lodziwika ku England ndi dzina la Lulu Loves the Library, ndipo ku America Lola at the Library. Kamtsikana kakuda kapita ndi amace ku laibulale Laciwiri liri lonse. Kalongedza m'cikwama mabuku obweza ndi khadi lace, kamvera nthano pamodzi ndi ana ena, kasankha mabuku ena, ndipo madzulo amace akawerengera. Mulibe zoopsa, mulibe zodabwitsa. Nchito yace ndiyo kuonetsa mwana zonse zimene zidzacitika, cimodzi cimodzi, kuti pasakhale comudzidzimutsa.

Lina la caka comweco, Library Lion, lolembedwa ndi Michelle Knudsen, lisimba za mkango umene unalowa m'laibulale. Mai wamkulu wa pamenepo anaulola kukhala malinga usabangule. Tsiku lina maiyo anagwa napweteka, ndipo mkango unabangula kuti uitane thandizo. Ana aphunzirapo kuti m'laibulale muli malamulo, komanso kuti malamulowo anaikidwa cifukwa ca anthu. Aganizanso kuti ngati mkango unalandiridwa, nanga iwo angakanizidwe bwanji?

Mwana wa anthu oyendera nchito

Koma mabuku amene agwira mtima kopambana ndi aja ocokera pa zinthu zocitikadi. Mverani za Tomás Rivera. Iye anabadwa mu 1935 ku Crystal City, m'cigawo ca Texas ku America. Makolo ace, a mtundu wa ku Mexico, anali anthu olembedwa nchito m'minda ya eni, otsata zokolola. Nyengo ikafika anali kukwera galimoto ulendo wautali kupita kumpoto, ku Iowa ndi zigawo zina, ndipo nchito ikatha anali kubwerera. Inu amene makolo anu anacoka ku Chipata, ku Petauke, ku Malawi kapena ku Mozambique kudzafuna nchito ku migodi, moyo wotere muudziwa bwino: kukhala pa malo amene si kwanu, pakati pa anthu a cinenero cina.

Mu 1997 mlembi Pat Mora ndi wojambula Raúl Colón anatulutsa buku la ubwana wace, lochedwa Tomás and the Library Lady. M'bukumo agogo ace aamuna ndiwo mwini nthano pa banja. Koma mnyamatayo anazimva kambiri mpaka anayamba kutsiriza yekha nthano agogo asanatsirize. Nkhalambayo siinakwiye. Inamuuza kuti nthano zina zambiri ziri ku laibulale, apite akazitenge kuti adzasimbire banja. Mnyamata anapita, koma atafika anaima panja, nyumba itamukulira. Mai woyang'anira mabuku anamuona, namuitana kuti alowe amweko madzi ozizira. Anamufunsa zimene afuna kuwerenga, namubweretsera mabuku a zirombo za m'nkhalango ndi a zinyama zazikulu zakalekale zimene zatsala mafupa okha. Pofika nthawi yopita kwao, maiyo anamubwerekera mabuku pa dzina lace la iye mwini. Madzulo mnyamata anali kuwerengera banja lace, ndipo usana anali kuphunzitsa mai uja mau a Cisipanishi. Nyengo ya nchito itatha anadzatsazika ndi mkate wotsekemera wophika amace, ndipo maiyo anamupatsa buku latsopano loti likhale lace.

Mnyamata ameneyu anakula nakhala mphunzitsi ndi mlembi, ndipo mu 1979 anaikidwa mtsogoleri wa University of California ya ku Riverside. Anamwalira mu 1984, ndipo laibulale yaikulu ya pa sukulu imeneyo ichedwa ndi dzina lace. Sitinena kuti mwana ali yense wolowa m'laibulale adzatsogolera yunivesite ai. Cimene tifuna muone ndi kucepa kwa zinthu zimene zinatsegula khomo: madzi akumwa, funso limodzi laulemu, ndi munthu wolola kukhulupirira mwana wa mlendo. Onaninso kuti mabuku sanamulekanitse ndi agogo ace. Anapita kukatenga nthano kuti abwere nazo kunyumba.

Mabuku oyenda pa kavalo ndi pa bulu

Kumene anthu sanathe kufika ku laibulale, laibulale inawatsata. Kum'mawa kwa cigawo ca Kentucky ku America kuli mapiri, dziko la migodi ya malasha ndi timinda tosauka. M'zaka za m'ma 1930 nchito zinasowa koopsa. Kuyambira 1935 kufikira 1943 boma linalemba anthu, ambiri a iwo akazi, kuti azinyamula mabuku pa akavalo ndi nyuru kupita ku nyumba za kutali m'mapiri, pa malipiro a madola 28 pa mwezi. Mabuku akang'ambika sanali kuwataya. Anali kudula zithunzi ndi nkhani zotsala, nazimata m'mabuku ena opanga okha.

Buku la Heather Henson la mu 2008, That Book Woman, lojambulidwa ndi David Small, lisimba zimenezi kupyolera mwa mnyamata wodziwa kulima ndi kuweta, amene ayesa kuwerenga cinthu ca anthu aulesi. Mlongo wace ndiye wokonda mabuku. Mnyamatayo aona mai wa pa kavalo akubwera masabata awiri ali onse, pa mvula, pa matope ndi pa cisanu coopsa, osalandira kanthu kwa iwo. Potsiriza adzifunsa kuti m'mabukumo muli ciani coti munthu n'kubvutikira cotero, ndipo adzicepetsa napempha mlongo wace kuti amuphunzitse. Buku limeneli liyenera anyamata aja amene ayamba msanga kuganiza kuti mwamuna ndi mphamvu za manja zokha.

Ku Colombia, ku South America, mphunzitsi wina wa m'mudzi wa La Gloria, Luis Soriano, anayamba ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kusenzetsa mabuku abulu awiri ndi kuyenda nao ku midzi yakutali, pa nthawi imene dera lace linali pa mabvuto a nkhondo. Abuluwo anawacha Alfa ndi Beto, maina amene mukawalumikiza apanga liu la Cisipanishi lotanthauza ndandanda ya malemba. Jeanette Winter anajambula nkhani yace mu 2010 m'buku lochedwa Biblioburro. Mwana woona bukuli adziwa kuti laibulale ndi mabuku ndi munthu wofuna kugawana ndi anzace. Makoma ndi masitepe ndi zoonjezera cabe.

Nanga kwathu kuno?

Dziko lathu liri nao malaibulale. Zambia Library Service inakhazikitsidwa mu 1962, ndipo makhonsolo a mizinda monga Lusaka, Ndola ndi Kitwe ali ndi malaibulale ao. Mu 2007 bungwe la Lubuto, dzina la Cibemba lotanthauza kuwala, linatsegula laibulale yace yoyamba ya ana ku Kamwala mu Lusaka. Anaimanga yozungulira ndi denga la udzu monga nyumba za kumudzi, kuti mwana, ngakhale wogona m'miseu, asaione ngati ofesi.

Bvuto liripo, ndipo sitilibisa. Mabuku amene tachula ndi a Cingerezi, ndipo sapezeka pali ponse. Mabuku ambiri a ana m'malaibulale athu ndi mphatso zocokera kunja, oonetsa nyumba, zakudya ndi nyengo zimene mwana wa kuno sazidziwa. A Cinyanja, Cibemba, Citonga ndi zinenero zathu zina ndi ocepa. Pa ici tinena zinthu zitatu. Poyamba, cithunzi ciribe cinenero. Mungathe kutsegula buku la Cingerezi ndi kusimba nkhani yace m'cinenero ca pa nyumba panu, ndipo mwana adzapindula. Kenaka, kuyambira 2014 pali nkhokwe ya nthano pa intaneti yochedwa African Storybook, yoyambitsidwa ndi bungwe la Saide la ku Johannesburg, m'mene muli mabuku a zithunzi m'zinenero zambiri za mu Africa, Cinyanja comwe. Awerengedwa pa foni kwaulere, ndipo ndi ololedwa kuwasindikiza ndi kuwamasulira. Potsiriza, ife tomwe tingapange mabuku. Ku South Africa bungwe la Book Dash, loyamba mu 2014, lisonkhanitsa mlembi, wojambula ndi wokonza masamba, ndipo atatuwa atsiriza buku la ana pa maola 12. M'makomboni mwathu muli anyamata ndi atsikana aluso ojambula zikwangwani za magolosale ndi za ometa tsitsi. Pafunika buku loonetsa mwana wa ku Wusakile, ku Kantanshi kapena ku Matero akulowa m'laibulale ya kwao atagwira dzanja la atate ace obvala cisoti ca pa nchito.

Mayankho kwa makolo

Pali amene ati, "Ine sukulu sindinapite nayo patali." Buku la zithunzi ndilo lokhalo limene silifunsa zimenezo. Lozani cithunzi, funsani mwana kuti, "Uyu ndani? Ali kucita ciani? Uganiza kuti cicitike n'ciani tikatembenuza?" Mulekeni ayankhe, ndipo inu muonjezerepo pang'ono. Akati "Galu," inu muti, "Inde, galu wakuda, ali kuthamangitsa nkhuku." Nchito yonse ndi yomweyo.

Ena ati, "Ndiweruka wotopa, ndipo sabata zina ndigwira usiku." Zoona, nchito ya pansi ithyola msana. Koma mphindi 10 zikwanira, ndipo siziyenera kukhala za madzulo zokha. Wa shifiti ya usiku angathe kuona buku ndi mwana masana asananyamuke. Ndipo inu atate musati iyi ndi nchito ya amai. Mwana wamwamuna amene sanaonepo mwamuna atagwira buku adzakula ndi maganizo a mnyamata wa ku Kentucky uja.

Enanso ati, "Adzang'amba buku la eni, ndipo ndidzalipira ine." Kwa makanda pali mabuku a masamba olimba a katoni, amene sang'ambika wamba. Okulirapo aphunzitseni kusamba m'manja asanagwire buku, ndipo mukatha muliike m'thumba la pulasitiki pamalo okwera, kutali ndi madzi, mbaula ndi ciswe. Likang'ambika, pitani nalo mukanene, musalibise. Koma cacikulu ndi ici: musamenye mwana cifukwa ca buku. Tsamba long'ambika limatidwa, koma mwana amene waphunzira kuti buku libweretsa mkwapulo abvuta kumubweza.

Pali ofunsa za ndalama. Malamulo asiyana laibulale ndi laibulale, ndipo zofunika polembetsa dzina zisiyananso. Pitani mukafunse nokha, pakuti safunsa anadya phula. Funsaninso ngati pali cipinda ca ana, ngati pali tsiku la nthano, ndi ngati ali nao mabuku a cinenero canu. Oyang'anira akamva makolo ambiri akufunsa cinthu cimodzi, adziwa coti apemphe kwa akulu ao.

Ndipo pali amene ati, "Mwana wanga aonera zithunzi zoyenda pa foni, si cimodzimodzi kodi?" Si cimodzimodzi. Kanema athamanga pa liwiro lace, sadikira mwana, samufunsa kanthu, ndipo kawirikawiri mwana aonera ali yekha. Tsamba la buku lidikira. Mwana angaliyang'ane nthawi imene afuna, angabwerere m'mbuyo, angafunse, ndipo pambali pace pali munthu womuyankha. Ngati foniyo mwatsegulapo buku la nthano ndipo mwakhala naye pamodzi, pamenepo yagwira nchito ya buku.

Tsiku loyamba

Mukaganiza zopita, sankhani tsiku limene simuli pa cangu, monga Loweruka m'mawa, mwana atadya. M'njira muuzeni zimene akaone: mashelefu a mabuku, anthu owerenga mwakacetecete, munthu wa pa tebulo amene tikampatse moni. Mukalowa mulekeni asankhe yekha, ngakhale asankhe buku limene inu simunalikonde, kapena lomwe lija anatenga ulendo watha. Tulukani asanatope, kuti atsale ndi njala yobwereranso. Tsiku lobweza likafika, mwana yemweyo anyamule buku napereke ndi manja ace awiri. Muuzeni kuti mwana wina ali kulidikira. Potero aphunzira cinthu cimene ciposa kuwerenga: kuti pali cuma ca anthu onse, cimene munthu atenga, asamala, nabweza kuti cithandize mnzace.

Omvera athu, ambiri a inu mugwira nchito zolimba kuti ana anu adzakhale ndi moyo wopepukirapo. Mulipira yunifomu, nsapato ndi makope, ndipo mucita bwino. Koma zaka zimene mwana akhala pakhomo asanayambe sukulu ndi zocepa, ndipo zikapita sizibwerera. Sabata ino funsani kumene kuli laibulale ya pafupi ndi kwanu ndi nthawi imene itsegulidwa. Ngati kulibe, yambani ndi buku limodzi, mubwerekane ndi a nyumba yoyandikana nanu, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.